Khadi nambala 417

Pofika Lachisanu masana, Consolata Njobvu anali atatsala ndi maola awili okha oti asankhe chodula. Kalata ya akuluakulu inali pa tebulo lake, m'kalaibulale ka m'tauni ya Petauke. Mwa nkhokwe zitatu za mabuku a pa intaneti zimene laibulale inkalembetsa chaka ndi chaka, ziwili zokha ndizo zipitilile. Ya mayeso a ana a sukulu sakanaiyandikila, makolo sakanamusiya. Ya ulimi nayo ayi, poti alimi a ku Msanzala ndi ku Nyimba ankaiwelenga pa mafoni mpaka batile kutha. Yotsala inali ya zaumoyo.

Imeneyo ndiyo inkamuwawa. Anailembela yekha makalata zaka ziwili kuti ibwele, ndipo ankadziwa kuti ukangodina potseka imatsekeka pomwepo, kuti uitsegulenso mpaka chaka chamawa, mwinanso osaionanso. Koma lipoti la pa kompyuta silinabise kanthu. Nkhokwe yonseyo inali ndi wowelenga mmodzi. Mmodzi basi, khadi nambala 417, tsiku lililonse kuyambila 3 koloko mpaka 4, miyezi inayi yathunthu.

Lipoti silitchula maina. Maina ali m'kaundula wa Yvonne, mtsikana wopeleka makadi, ndipo lamulo la ntchito limaletsa kusuzumila kuti uje akuwelenga chiyani. Consolata analibe nazo ntchito zosuzumila. Munthuyo ankamudziwa.

Anali a Daka, ndaninso? A Daka a mapilisi a pa msika, amene anthu amawatcha adokotala chonsecho sukulu anailekeza giledi 7. Ikangokwana 3 koloko ankapinda kathebulo kawo n'kudzakhala pansi pa mtengo wa pafupi ndi windo, pamene netiweki ya laibulale imafika bwino, maso tong'o pa foni. Chaka chatha mwana wa mng'ono wake wa Consolata anakomoka atamwa mapilisi awo, anakapulumukila ku chipatala cha Minga. Tsono taonani zimene khadi 417 linkatsegula: khansa, zizindikilo zake, mankhwala ochepetsa ululu. Eti bambo aja tsopano ayambe kuchiza khansa pa kathebulo ka pa msika! Consolata akaganiza zimenezi mutu unkachita kutentha.

Kuseli kwa mashelefu, pa benchi, amuna ake a Vitalis, atate a mwana wawo Karen, anali atafika kale kudzamutenga pa njinga yamoto, monga mwa masiku onse, chisoti pa bondo, foni m'manja. Za mpila, n'zodziwikilatu. Nawonso masiku ano ankamutopetsa. Nyama ayi, chimanga chootcha ayi, akuti dzino. Ankangokhalila phala ndi maheu, lamba anali ataboola kale bowo lina, koma ukawauza zokachotsa dzinolo yankho linali mailo, mailo, mawa lake osafika. Mawu owadzudzula anali atawasungila kunyumba. Apa panali za a Daka.

Yvonne anaima pambali pake, akupotokola chivindikilo cha bolopeni.

"Amai Njobvu, bwanji tidikile pang'ono? Mwina ndi munthu amene akuifunadi."

"Woifunadi amapita ku chipatala, Yvonne. Uyu akudzaba mawu a madokotala kuti akanamize nawo odwala, ife n'kumamuthandiza. Pakafa munthu, mlandu ndi wathunso."

 Yvonne anabwelela pa mpando wake.

Consolata akanatha kudikila 4 koloko kuti wowelengayo amalize za tsikulo. Sanafune. Ankafuna kuti zitsekeke a Daka ali mkati mowelenga, aone nkhope yawo ikugwa. Inde, chinali chipongwe, ndipo iye mwini ankadziwa kuti ndi chipongwe, koma akakumbukila mwana uja ali gone pa bedi la chipatala, thovu kukamwa, chisoni chonse chinkamuthela. Itakwana 3:20 anadina. Kompyuta inamufunsa ngati watsimikiza. Anadinanso. Zaka ziwili za makalata zinathela pomwepo.

Anapita pa windo.

A Daka anali pamalo pawo, mwendo pamwamba pa unzake. Consolata anadikila. Panapita mphindi imodzi, ziwili, nkhope osagwa. M'malo mwake bambowo anaphulika kuseka, n'kutembenuzila foni kwa mayi wogulitsa nthochi kuti aone nawo. Phokoso linafika mpaka pa windo: kavidiyo ka anthu ovina pa ukwati. Anakabwezanso poyambila, n'kusekanso.

Consolata anachoka pa windo. Ngati si a Daka, nanga wamutsekela ndani? Namwino wophunzila? Mayi wina wosamala wodwala ku Luembe? Anaganiza zoimbila foni eni nkhokwe, koma mayankho awo ankawadziwa kale, kalata yawo inanena momveka kuti chotsekedwa sichitsegulidwa pakati pa chaka. Anayang'ana kaundula wa Yvonne. Lamulo linali lomwe lija.

Benchi inalila kuseli kwa mashelefu. A Vitalis anatulukila pang'onopang'ono, chisoti m'khwapa, koma sanabwele kwa akazi awo. Anazungulila mbali ya manyuzipepala, n'kuwelamila pa tebulo la Yvonne. Analankhula monong'ona, kuiwala kuti m'laibulale ngakhale kunong'ona kumamveka.

"Mwanawe, tandionela, zangotseka ndili pakati. Ndinangotsala ndime imodzi. Koma amake Karen asamve."

Khadi limene anaika pa tebulo linali nambala 417. Consolata anatembenukila pa kompyuta yake, pa mzele womaliza wa lipoti, tsamba limene linali lotsegula pamene iye ankadina. Mutu wake unali wakuti: "Khansa ya kummelo: mmene mungawauzile a m'banja mwanu."