Minga ya Nungu ndi Mbaula ya Khwangwala

Padangokhala, chaka cha chisanu choluma chija, Khwangwala anamulakwira Nungu, ndipo Nungu sanaiwale mpaka lero.

Nkhuni zitayamba kusowa m'thengo, Khwangwala anafika pakhomo pa Nungu atavala kolala yake yoyera, nati, "Madala, bwalo la nyama lakonza thandizo. Tayani mafuwawa, mugule mbaula yosadya nkhuni zambiri. Muyambe mwalipira nokha, ife tidzakubwezerani."

"Ndilipire ndi chiyani, mwanawe? Ndikanakhala nazo ndalama, thandizolo ndikanalifuniranji?"

"Nanga minga yonse ili kumsanayo ikugwira ntchito yanji?"

Nungu anadzizula minga umodziumodzi, nakaigulitsa kwa Mbira wosoka mphasa. Anagula mbaula, mafuwa aja anakawaponya mumtsinje monga anamuuzira. Kenaka anadikira miyezi itatu, msana uli pambalambanda.

Khwangwala atabweranso, anasuzumira uku ndi uku. "Mafuwa ali kuti, madala?"

"Si munati nditaye?"

"Ndiye ndidziwa bwanji kuti munkaphikira pamafuwa? Thandizoli ndi la okhawo amene tawaona mafuwa awo." Atatero anauluka.

Njovu, amene anagula mbaula osamva kuwawa ndipo anachita ulesi kutaya mafuwa ake, anabwezeredwa ndalama zake zonse.

Mbaula ya Nungu inali yabwino ndithu, inkangofuna tinkhuni tiwiri. Koma ndi msana wopanda minga, ndani akanatuluka kukatola tinkhunito agalu ali mbwee panja? Ankangokhala m'una, akunjenjemera pambali pa mbaula yozizira.

Khwangwala anakwezedwa pa udindo chaka chomwecho. Kolala ija ikadali yoyera.