Zithunzi Khumi za Bwana Mphuno

Bwana Mphuno anakoka dilowa la zithunzi zimene ankagula n'kusunga, pang'onopang'ono ngati muli mazira. Dzinali anawapatsa ndi anzawo, chifukwa ankadzitama kuti chithunzi chodinda pamanja amachidziwa ndi fungo la inki basi. Anthu wamba amaona ndi maso, akuluwa ankanunkhiza.

M'mawa umenewo kunabwera mayi woyang'anira nyumba yoonetsera zithunzi. Ankafuna munthu mmodzi yekha woti zithunzi zake zikapachikidwe pachionetsero, dzina lake lili pakhomo. Bwana Mphuno anali atadikira mwayi umenewu zaka khumi ndi ziwiri, moti anamanga tayi ali pabalaza pawo pomwe.

"Mayi, izi si za pakalendala ayi," anatero akuyala zithunzi khumi patebulo. "Mmisiri amagoba thabwa, n'kupaka inki, n'kudinda yekha ndi manja ake. Akatha amalemba dzina ndi nambala m'munsimu ndi pensulo. Popanda zimenezo, ndi pepala lokulungira sopo."

Mayi aja anaweramira choyamba, chachiwiri, mpaka chachisanu.

"Nanga dzinalo lili pati, bambo?"

Bwana Mphuno anasuzumira. M'munsi mwa zithunzi zonse munali mbee! Dzina palibe, nambala palibe. Ananyamula chimodzi, n'kutsinzina, n'kuchinunkhiza kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Fotokope!" anakuwa.

Wakuba sanachite kumufunafuna. Mlamu wawo ali ndi kashopu ka fotokope, ndipo sabata yatha anagona masiku awiri pabalaza pomwepo. Munthu wake ndi uja amabwereka jekete n'kubweza mabatani.

"Ndinadziwa ine! Watenga zenizeni, wandisiyira zinyalala! Chibale chake chimenechi?"

Manyazi anawagwira koopsa, ndiye pofuna kuti mlendo aone kuti katswiri sasunga zabodza, anagwira choyamba n'kuching'amba pakati, kwee!

"Dikirani kaye, bambo," mayi aja anatambasula dzanja. "Pepalali likuoneka ngati…"

"Musandiphunzitse, mayi. Mphuno iyi sinanamepo chibadwire."

Kwee! Kwee! Zonse khumi zinathera pansi. Akuluwa anapukuta manja, n'kukonza tayi, ali wefuwefu koma mtima uli m'malo. Zithunzi zapita, inde, koma ulemu autchinjiriza. Mlamuyo akaonana naye kupolisi.

Apo chitseko chinatseguka. Analowa apongozi awo, mphunzitsi wopuma pantchito amene anabwera dzana kudzacheza, atanyamula tiyi wa mlendo. Anaima n'kuyang'ana zidutswa zili mbwee pansi.

"Ogo! Mwang'amba, bambo? Ndiye ndavutikiranji ine? Dzulo ndinakhalira zimenezi m'mawa wonse, kufufuta zimene ana anakhwatchakhwatcha ndi pensulo m'munsimo. Mpaka labala wanditheratu."