Miao ndi ng'ombe za tsiku limodzi

Panali munthu wina kwathu kuno kumapiri a ku China, dzina lake Miao Degui, ndipo nkhaniyi akuti ndi yoona. Ulesi wake, abale inu, ntchentche ikamutera pamphuno ankadikira mphepo kuti imuingitsire. Ntchito yake inali njuga ya majong kusitolo, basi.

Chaka china boma linalengeza kuti oweta ng'ombe zazikazi azilandira ndalama zothandizira. Miao analibe ngakhale mchira wa ng'ombe. Koma mlamu wake Dou Shuan, wa kuseri kwa phiri kumene kunalibe thandizoli, anali ndi khola lodzaza. Miao anaganiza zokabwereka ng'ombezo kuti anamize boma.

"Bambo a Lan, musayerekeze," anatero mkazi wake. "Achimwene angawo ndimawadziwa. Akakubwerekani singano amadzaitanitsa khasu."

"Amake Lan, khalani chete! Tsiku limodzi lokha. Zibwera m'mawa, aboma aziona, madzulo zibwerera kwawo."

Mlamu anavomera mano onse ali pamtunda. Alangizi anabwera, anasisita ng'ombe, kenaka khethe! khethe! kuziboola makutu n'kuziveka zizindikiro zachikasu m'dzina la Miao.

"Tsopano a Miao, tizibwera osakuuzani. Ikadzasowa imodzi, mwabera boma. Ndende!"

Miao anathamangira kuseri kwa phiri. "Alamu, zavuta! Ng'ombe zija sizingachoke kwathu."

"Chavuta n'chiyani? Zisungeni. Zikaswa, ana ndi anga, ndowe ndi zanu. Munthu wabwino ine!"

Ndalama zinalowadi pakhadi la kubanki, koma zinangodutsa ngati madzi m'dengu: udzu, madeya, mankhwala. Kubweza ng'ombe, ndende. Kugulitsa, si zake. Kudandaula, kwa yani? M'chisanu choumitsa malovu asanafike pansi, Miao anali kalikiliki ndi fosholo, pomwe mlamu anali tayale pampando wa Miao uja kumajong, akupsontha tiyi.

Chifukwa cha mantha, Miao anazisamala mpaka zinanenepa ngati mabasi. Akuluakulu a boma anamuveka pachifuwa duwa lofiira lalikulu ngati kabichi: mlimi wachitsanzo! Mlamu atamva, anabwera ndi zina, n'za apongozi ake zomwe.

"Mlimi wachitsanzo angakane ng'ombe? Kapena ndikacheze nawo aboma aja?"

Msana utawerama, Miao anapita yekha ku ofesi, manja ali m'tsogolo kudikira unyolo.

"Bwana, ndimangeni. Ng'ombe zija si zanga, ndinabera boma. Mwina kundende ndikagonako tulo."

Bwana anayang'ana pakhoma. Panali chithunzi cha Miao ndi duwa lake, chomwe chinamukwezetsa iyeyo pantchito. Anatseka chitseko bwinobwino.

"Ha ha! A Miao, kudzichepetsa kwanuko! Ine sindinamve kanthu. Sabata yamawa kukubwera alendo ochokera kulikulu. Pitani mukasese khola."

Mpaka lero akusesa. Mkazi wake akamubweretsera chakudya kukholako amangofunsa mwaulemu: "Bambo a Lan, kodi tsiku limodzi lija silinathebe?"

Phunziro: Bodza umalibwereka tsiku limodzi, koma umaliweta moyo wonse, ndipo limadya kuposa ng'ombe. Thandizo la boma asiyireni eni makola, ndipo mkazi akakuchenjezani za achimwene ake, mverani. Osangoseka nokha, tumizirani anzanu, makamaka aja ali ndi alamu.