Pepala Limene Mwamuna Anakana Kuwerenga

"Longedza katundu wako," anatero apongozi kwa mkazi wa mwana wawo, atagwira dzanja mtsikana woyembekezera. "Uyu ndiye watipatsa mdzukulu. Iwe zaka zisanu, ngakhale kupita padera komwe ayi!"

Mkaziyo sanalire. M'chikwama mwake munali pepala la kuchipatala limene mwamuna wake anakana kuwerenga. Dokotala anali atafotokoza kuti dzira limalandira umuna umene lauzindikira basi, koma wa mwamunayo unalibe puloteni yozindikiritsa. Palibe dzira la mkazi aliyense limene likanaulandira.

"Ndikupita ndekha, simukundithamangitsa," anatero mkaziyo akukoka sutikesi.

Atafika pakhomo anacheuka. Mwamuna wake ankasisita mimba ya mtsikanayo monyadira.

Mkaziyo anauza apongozi ake kuti, "Mwanayo akabadwa mudzandiitane, amayi. Ndikufuna ndidzaone amene wafanana naye."