Mbasela ya Miyala

Panali munthu wina ku Chelstone, ba Meshack, wogwira ntchito m'boma, wosaphonya tchalitchi. Matenda awo anali amodzi: mbasela. Akagula tomato pamsika sankachoka mpaka awaikire imodzi yaulere pamwamba. Makala, mbasela. Kapenta, mbasela. Azimayi ogulitsa ankachita kutsinana akawaona akubwera.

Chaka chatha anayamba kumanga nyumba. Tsiku lina m'mawa anapita ndi akazi awo, ba Emmy, kukagula miyala ku kwale, komwe amaphwanya miyala, kupitirira Makeni. Anachita hayala tipa, lole yonyamula miyala, ya ba Mfaume, mdala wa ndevu zoyera amene wakalambira pa chiwongolero.

Wamakina opakira miyala anathira, anathira, mpaka ba Mfaume anakweza dzanja.

"Yakwana. Matani khumi, monga vinalembedwa pa chitseko."

"Yakwana bwanji?" anatero ba Meshack. "Nanga mbasela? Iwe wamakina, ikilako viwili!"

"Ba bosi, iyi si tomato. Motoka ili na malile yake."

"Imwe mudala simuwelenga? Pa gulupu ya ku chalichi anatumiza kuti malamulo yanasintha. Matilaki manje yanyamula kwambili."

"Kaya yanasintha, kaya sanasinthe," anayankha ba Mfaume, "mabuleki yanga sali pa gulupu yanu."

Ba Emmy anawagwira mkono amuna awo. "Batate Kayla, mvelani ba dalaiva."

"Bamake Kayla, ivi nisiyileni ine. Mudala, ngati simufuna, matipa yali mbwee panja apo."

Apa ndi pomwe ba Mfaume analakwa, ndipo ine sindiwaikira kumbuyo: anagonja. Wamakina anathira kawiri, galimoto nkukhala pansi ngati bulu wotopa. Mdalayo anangopempha chinthu chimodzi.

"Motoka yanu ing'ono izinikonka kumbuyo. Osayenda kutsogolo kwanga."

Ba Meshack anavomera ndi pakamwa chabe. Mumtima ankaopa kuti mdalayo akhoza kutsitsako miyala panjira, mbasela yawo nkupita. Choncho anakwera okha m'tipamo kuti aziilondera, nauza akazi awo kuti atenge kagalimoto kawo.

"Pitani kutsogolo, muzitilangiza njila ya ku puloti."

"Ba bosi, nakamba kuti kumbuyo!"

"Ah, imwe, tiyeni chabe. Mulungu alipo."

Anadutsa m'tauni bwinobwino, ba Meshack akuseka kuti mwaona, mantha basi. Atalowa msewu wa Great East, chakufupi ndi kwawo, minibasi ina inaima mwadzidzidzi kuti itole munthu. Ba Emmy anaponda buleki, kagalimoto kanaima. Ba Mfaume nawo anaponda.

Tipa sinaime.

"Imani! Imani mudala!"

"Naponda, bosi! Ikana!"

Ba Meshack anaona zonse ali pampando wakutsogolo. Anaona kumbuyo kwa galimoto yawo kukuyandikira, anaona mutu wa akazi awo ukutembenuka, kenako phokoso. Anatsika akukuwa ngati mwana, akukumba ndi manja miyala imene inakhuthukira pa kagalimoto, miyala yomwe ija anaikakamira.

Wapolisi amene anayeza mizere ya matayala pamsewu anawauza mosabisa: tipayo inangosowa masitepe atatu kuti iime. Ikanakhala ndi katundu wake woyenera, bwenzi itaima. Ba Mfaume analandidwa laisensi, ndipo sanayendetsenso.

Ba Emmy anapulumuka, koma miyendo sinabwerere. Nyumba ija inatha. Pa pulani panali masitepe okongola pakhomo, amene ba Emmy anasankha okha. Anawafafaniza, nkumanga potsetsereka poti njinga ya olumala izikwera. Akuti ba Meshack amawakankha akazi awo pamenepo m'mawa uliwonse, ndipo sanamvepo mawu owadzudzula kuchokera kwa akazi awowo. Zimenezo ndiye zimawapweteka kwambiri.

Mwezi wathawu anakagula tomato pamsika wa Chelstone. Mayi wogulitsa, powadziwa, anaika imodzi pamwamba asanapemphe. Ba Meshack anaiyang'ana nthawi yaitali, naichotsa, naibwezera pathebulo.

"Nipaseni chabe vamene nagula, mayo."

Phunziro: Nambala yolembedwa pa chitseko cha lole si yokongoletsa. Kaya mwamva kuti malamulo alola katundu wochuluka, buleki imadziwa kulemera kokha, ndipo amene waima kutsogoloyo akhoza kukhala wanu. Dalaiva akati yakwana, yakwana. Nanunso madalaiva, musagonje. Musaisunge nkhaniyi pafoni, itumizeni kwa aliyense womanga nyumba, woyendetsa lole, ndi m'bale wanu uja wokonda mbasela.