Kaputeni wa pa Sitetasi

Panali munthu wina, Wickson wa ku Ndirande, amene ankagwira ntchito ya udalaivala pakhomo lina ku Al Messila, konkuno ku Doha. Amene akumudziwa akuti nkhaniyi ndi yoona, ndipo ine imandiwawa mpaka lero.

Mwana wa bwana wake anali ndi kandege kakang'ono ka mipando iwiri, phiko lake la nsalu, injini ili kumbuyo yolira ngati njinga yamoto. Woyendetsa amakhala kutsogolo, wokwera kumbuyo. Ntchito ya Wickson Lachisanu lililonse inali kukoka kandegeko pa ngolo kupita nako kuchipululu, kupukuta ndi kuthira mafuta, basi.

Koma mkuluyu ankakonda kutchuka. Mwana wa bwana akangotembenuka, iye wakhala kale pampando wakutsogolo, chipewa kumutu, foni m'mwamba. Chithunzicho chinkapita pa sitetasi ya WhatsApp ndi mawu akuti, "Kaputeni Wickson ali pa ntchito." Kwawo anthu anakhulupirira. Mayi ake mpaka anaimirira m'tchalitchi kuthokoza Mulungu kuti mwana wawo akuyendetsa ndege.

Mlongo wake Phyllis, amene ankagwira ntchito pa hotela ku Al Aziziya, zimenezi sizinkamugoneka tulo.

"Achimwene, chotsani zithunzi zija. Inu ndinu dalaivala, miyendo yanuyo ndi imene ikudyetsa ana anu. Nanga mwana uja license ya ndege ali nayo?"

"Anayamba ma-lesson, n'kukangana ndi instructor, zotsalazo anamalizira pa foni. Koma amatha."

"Tsiku lina adzakuuzani kuti mukwere. Chonde mudzakane."

"Sisi, relax. Iwe umaopa ndi mthunzi wako womwe."

Tsikulo linafikadi. Mnzake wa mwana uja, amene ankakwera naye, sanabwere. Mphepo inali itayamba kutola mchenga, ndipo anthu ena amene ankaulutsa tindege kumeneko anali atapinda mapiko n'kubwerera kwawo. Anthu ophunzira bwino nyengo yotere sanyamuka.

"Yalla, Wickson, kwera," anatero mwana wa bwana.

Mawu a Phyllis anamubwerera Wickson. "Boss, mphepoyi bwanji? Komanso license ija?"

Mnyamatayo anaseka. "Mafi mushkila, palibe vuto. Kumwamba kulibe apolisi a pamsewu."

M'malo mokana, Wickson anapempha chinthu chimodzi, kuti amujambule kaye vidiyo ali pampando wakutsogolo injini ikulira. Anayang'ana foni akumwetulira n'kunena kuti, "Amayi, lero ndikuyendetsa ndekha, ndanyamula mwana wa bwana!" Anaiponya pa sitetasi, kenako anasinthana mipando, iye n'kukhala kumbuyo.

Sanapite patali. Mphepo inakankha phiko, mnyamata uja anasokonezeka, n'kuyamba kukoka uku ndi uku akukuwa. Pa maphunziro ake a pa foni aja, vidiyo yonena za zimenezi ayenera kuti anali asanaifike. Kandegeko kanamenyetseka pa chulu cha mchenga. Woyendetsa anatuluka atangosupuka pachipumi, koma injini ija inamupsinja Wickson msana. Mwanayo anamukokera kunja, n'kuyamba waimbira bambo ake. Ambulansi anaikumbukira pambuyo.

Wickson anadzidzimukira kuchipatala, miyendo osaimva, Phyllis ali pambali. Kunabwera wapolisi, bwana ndi mwana wake ali pambuyo.

"Ndani ankayendetsa?" anafunsa wapolisi.

"Dalaivala wathuyu," anayankha mwana uja osaphethira n'komwe. "Anandiuza kuti kwawo ndi pailoti. Ine ndinangomukhulupirira."

"Bodza! Wallahi, ine ndinali kumbuyo!" anakuwa Wickson.

 Bwana anangotulutsa foni n'kuyamba kuonetsa wapolisi zithunzi zonse zija, chimodzi ndi chimodzi, Kaputeni ali pampando wakutsogolo. Kumapeto kunali vidiyo ya tsikulo. Wapolisi anaimvetsera kawiri, Chichewa osachimva, n'kutembenukira kwa Phyllis.

"Sister, akuti chiyani apa? Usaname, tikafunsanso wina."

Phyllis anayang'ana mchimwene wake, misozi ikutsika. Ndi pakamwa pake pomwe, pamene panatuluka malangizo aja, anamasulira kuti, "Akuti lero akuyendetsa yekha."

Mboni ina panalibe. Mlandu woulutsa ndege popanda laisensi unagwera Wickson, ntchito inathera pomwepo, ndipo zonse zitatha anamubweza kwawo pa njinga ya olumala. Ndege yeniyeni anaikwera atachita kunyamulidwa.

Lero amakhala pakhonde ku Ndirande. Ana a m'deralo akamadutsa amapereka sawatcha n'kukuwa, "Kaputeni!" Iwo amatero polemekeza, sadziwa kuti akumubaya. Mayi ake amauza alendo kuti mwana wawo anagwa ali pa ntchito yake yoyendetsa ndege, iye n'kungozyolika. Anene kuti chiyani, ndipo amukhulupirira ndani?

Chondipsetsa mtima n'chakuti bwana uja anamugulira mwana wake kandege kena. Mwanayo laisensi alibebe. Amene akukoka ngolo ija masiku ano ndi dalaivala watsopano, ndipo akuti nayenso ndi Mmalawi.

Phunziro: Usakwere ndege ya munthu amene sanaphunzire ndipo alibe laisensi, ngakhale akhale bwana wako, chifukwa ntchito ungapeze ina koma msana ndi umodzi womwewo. Usadzitchenso chimene suli, bodza lako lomwelo lidzakhala mboni yokutsutsa. Tumizani uthengawu ku magulupu onse a Amalawi, mwina ungamupeze dalaivala watsopano uja Lachisanu lisanafike.