Botolo la Madzi Oyera

"Tembenuzani miyala," anatero mayi ophunzitsa sayansi. "Mukapeza nkhanu kapena tizilombo, ndiye kuti mtsinjewu ukadali moyo."

Ana a sukulu anatembenuza miyala mpaka manja kuda bii, koma sanapeze kanthu. Madzi ankangonunkha mafuta. Aliyense anatunga m'botolo lake n'kulembapo tsiku, monga anauzidwira.

Mayiwo atandandalika mabotolowo pathanthwe, anaona kuti pali lina lowonjezera. Madzi ake anali oyera mbee, ndipo mbululu ziwiri zinkasambira m'katimo.

"Ndani wabwera ndi madzi a kwina? Musandipusitse inu!"

"Si ife, madamu," anayankha mtsikana wamagalasi. "Watipatsa mtsikana wina wa yunifolomu yachikale, pansi pa mlatho paja. Akuti ndi lanu."

Mayiwo anayang'anitsitsa kapepala ka pabotolopo. Kalembedweko kanali kawo, ka paubwana. Tsiku lake linali la zaka makumi awiri zapitazo, lomwe mnzawo wapamtima anakokoloka ndi madzi pa ulendo ngati womwewu.

"Wanenanso chiyani?" anafunsa mayiwo.

"Akuti watopa kudikira. Akuti munamuuza kuti, 'Tandigwirira, ndikubwera pompano.'"